Dzina Limene Ndinapereka pa Foni

Takondwa, tazimitsa kaye chinthu chakocho. Ayi, osati kungochivundikira pansi, ndati uzimitse ukachisiye m'nyumba. Iwenso Yamikani. Mukuseka? Sekani, mano mukadali nawo. Mukabwerako mukhale pamkekapa, muzindithandiza kuingitsa nkhuku pampunga uwu, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzani sindifuna kuti zilowe m'makutu ena.

Inu mwandidziwa ndili nkhalamba ya pakhonde, yodandaula msana. Koma ine agogo anu ndakhala zaka zambirimbiri ndikuolotsa anthu kuchoka padoko lathuli kupita ku chilumba cha Chisi. Injini kunalibe. Tinkakankha bwato ndi nsungwi yaitali, chifukwa nyanja yathuyi si yakuya, koma pansi pake ndi matope okhaokha. Ukabaya nsungwi mopusa, imatsala pomwepo, bwato n'kumapita, iwe n'kutsala lendelende ngati mleme. Zinandichitikirapo kawiri, kachiwiriko pamaso pa agogo anu aakazi, tisanakwatirane. Anandilolabe, kaya anaona chiyani.

Bwatolo tinali nalo awiri, ine ndi Che Amidu. Mukuwakumbuka, aja ankakupatsani nzimbe mukabwera patchuthi. Iwo Msilamu, ine wa mpingo, ndiye zinkatiyendera bwino. Lachisanu ndinkaolotsa ndine, iwo ali kumzikiti. Lamulungu ankaolotsa iwo. Ankandinena kuti ndimanunkha mbewa, ine n'kumawanena kuti mwezi wosala kudya amakankha bwato ngati mayi wodwala. Chaka chimene nyanja inauma tinayenda wapansi limodzi mpaka ku Chisi, nthaka itang'ambikang'ambika, bwato lathu litagona pamtunda ngati ng'ombe yakufa. Tinkadya makaka ofutsa, chinangwa chouma chija, osati izi mumadya inu zokulunga m'mapepala. Munthu amene wadya naye makaka m'chaka chotero sakhalanso mnzako, amasanduka m'bale.

Mphepo tinkaiwerenga ndi maso. Madzi akachita tsembwe kumwera, akakowa n'kuyamba kuuluka chapansipansi, tinkadziwa kuti mwera ukubwera, lero bwato silichoka. Koma mphepo za masiku ano zilibe ulemu. Sizigogoda. Kumacha bwinobwino, dzuwa lili phwee, pofika masana nyanja yatembenuka.

Ndisanafike pa nkhani yeniyeni, ndikuuzeni za wailesi yanga. Ndinaigula amayi ako iwe Takondwa asanabadwe, ndipo inaimba pa ukwati wawo. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Waya akaduka, kunali mkulu wina pa Songani ankalumikiza ndi kachitsulo kamoto. Zinthu zinkatero. Khasu likatha umapita nalo kwa wosula, njinga ikathyoka umawotcheretsa. Chinthu chinkafa chikafa. Panalibe munthu wokhala kutsidya kwa nyanja zamchere amene akanangodzuka n'kulamula kuti wailesi ya a Mulepa isiye kuyankhula.

Koma musaganize kuti kale zonse zinali zokoma. Inali nthawi ya makadi a chipani. Pachipata cha msika pankaima anyamata, wopanda khadi sankalowa ngakhale kukagula mchere. Amalume anga anayankhula mawu amodzi okha pamowa, mawu oseka, ndipo patapita masiku atatu inabwera galimoto. Anabwerako patatha zaka, mano akutsogolo kulibe. Mpaka kufa kwawo, munthu akawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankayamba acheuka kaye. Amene anapereka dzina lawo sitinamudziwe, koma anali wa m'mudzi momwemo, woti tinkadya naye pamaliro. Ine kuyambira pamenepo ndimaopa munthu wonyamula kope ndi cholembera kuposa ng'ona.

Tsono mafoni atabwera, ndinagula kafoni ka mabatani. Kameneko kanali kamuna! Kanagwera m'nyanja, ndinakavuula, kukakwirira mumpunga masiku awiri, kanayaka. Nthawi imeneyo msana unali utandiletsa kale kukankha bwato, ndiye komiti ya padoko inandisankha kuti ndizilandira uthenga wa zanyengo. A ku ofesi akaona kuti kukubwera mphepo, ankatumiza mawu pakafoni kaja, ine n'kuvala mandala, n'kuwerenga, n'kukakweza nsalu yofiira pamlongoti wa padoko. Nsalu ikakwera, palibe bwato lochoka. Ntchito yopanda malipiro, koma inkandidzutsa m'mawa ndili munthu.

Kenako anabwera a ku ofesi aja n'kunena kuti njira yasintha. Uthenga uzibwera pagulu la pa foni yagalasi, zosisita ndi chalazi, munthu mmodzi padoko lililonse. Ndinafunsa kuti kanga aka kalakwa chiyani. Anati sikanalakwe, kangotsalira. Ndinagulitsa mbuzi, n'kupalasa njinga mpaka ku Songani, n'kugula yagalasi yogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsayo analumbira kuti imeneyi ndidzasiyira adzukulu.

Inandizunza foni imeneyo, ana inu. Zala zangazi, taonani, zinauma ndi nsungwi ngati chikopa cha ng'oma. Ndikasisita galasi silinkandimva. Ndinkachita kunyambita chala kaye ngati ndikuwerenga Baibulo. Yamikani, usagwe ndi kuseka, nawenso udzakalamba. Komabe ndinaiphunzira, ndipo dzinja lonse lija nsalu inakwera nthawi yake.

Itangoyamba nyengo yozizira, chaka cha chisankho chija, pagalasi panatuluka mawu a Chingerezi osachoka. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi. Anawerenga n'kundiuza kuti mwezi ukatha, gulu lija silidzatsegukanso pa foni imeneyi. Ndinapalasanso ku Songani, msana ukulira.

"Madala, foniyi ilibe vuto," anatero wogulitsa uja. "Yangokalamba."

"Yakalamba bwanji, chikhalirecho sinagwe, sinanyowe?"

"Eni ake kunjako ndi amene aganiza choncho. Ngakhale ine sindingaikonze. Koma zatsopano zilipo, taonani iyi."

Mbuzi ina ndinalibe. Ndinapita kwa a komiti kuti aike munthu wina pagulupo, poti achinyamata ena padoko anali ndi mafoni abwino. Anaimba ku ofesi. Anayankhidwa kuti wosintha mayina watanganidwa, tidikire chisankho chidutse. Mwezi unatha, gulu linatsekeka. Ndipo umenewo ndiye mwezi wa mwera.

M'masiku omwewo ndi mmene anabwera Layisoni. Mwana wa konkuno, bambo ake tinkapemphera nawo, koma anali atalowa m'gulu la mkulu wina wopikisana nawo pa mpando. Dzina la mkuluyo ndi chipani chake sinditchula, ndipo inunso musandifunse. Anandipeza pakhonde pompano, atavala malaya a nkhope ya munthu pachifuwa, m'manja muli kabokosi.

"Agogo, tamva za vuto lanu. Abwana akuti munthu wopulumutsa miyoyo ngati inu sangakhale wopanda foni."

Anatsegula. Inali yonyezimira, pepala lake losamatula.

"Nanga mtengo wake?"

"Aa, agogo, mphatso imakhala ndi mtengo? Mungotipatsa chitupa chanu tichijambule. Ndiye poti inu mumakhala padoko tsiku lonse, nthawi zina tizikuimbirani, kungofuna kudziwa mmene anthu akuyankhulira. Ndani ali nafe, ndani akusokoneza. Basi."

Mtima wanga unapita kwa amalume aja nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Madzulo ake ndinakawafotokozera Che Amidu, ndinawapeza akumata phula pabwato. Iwo anali akuolotsabe anthu, mwana wawo atawagulira kainjini kakang'ono.

"Musatenge, achimwene," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Inu ndi ine takola nsomba moyo wathu wonse. Munaonapo nyambo yopanda mbedza?"

"Nanga mphepo?"

"Mphepo tinkaiona ndi maso foni kulibe. Maso tikadali nawo. Mulungu akalola tidutsa."

Foni ya Layisoni ija ndinaikana. Ndipo kunena zoona ndinadzimva kuti ndine mwamuna.

Patapita milungu iwiri, tsiku Lachiwiri, kunacha kwabata. Nyanja inali yosalala ngati mafuta. Ndinaima padoko, kuyang'ana kumwera, kuyang'ana mbalame, osaona kanthu. Che Amidu anakweza anthu asanu ndi atatu opita ku Chisi. Mmodzi mwa iwo anali Edina, amayi ako iwe Takondwa, akukagula matemba ouma. Iwe unali kusukulu yogonera, anangokuuza kuti amayi ako anadwala chibayo. Sanakunamize, koma sanakuuze zonse. Ineyo ndi amene ndinawagwira dzanja pokwera, ndi kukankha bwatolo ndi phazi langa ili.

Dzuwa lisanafike pamutu, mwera unagwa. Sunayambe pang'onopang'ono ayi. Njeza zija, udzu wautali wa m'mphepete mwa nyanja, zinagona pansi zonse nthawi imodzi. Madzi anasanduka ofiirira, mafunde akumenya padoko mpaka kugubuduza madengu. Ndinathamangira pamlongoti n'kukweza nsalu yofiira, ngati chitsiru, pamene bwato linali litapita kalekale. Ndinaimba foni ya Edina, sinkalowa. Ndinaimba ya Che Amidu, chimodzimodzi. Azimayi anayamba kulira pagombe. Amuna anayesa kutulutsa bwato la injini yaikulu, mafunde analibweza kawiri. Ine ndinangogwira mlongoti uja. Pemphero lililonse limene ndinaliyamba linkathera pa dzina la mwana wanga.

Chakumadzulo mphepo inatsika pang'ono, anthu anapita. Anawapeza cha pakati, pamene pali njeza zambiri, bwato litagadabuka. Anthu asanu ndi atatu onse anali moyo, atakangamira pa kanyumba koyandama ka asodzi, milomo itachita bii ndi kuzizira. Edina anandiuza pambuyo pake kuti Che Amidu ndi amene anawakokera pamenepo mmodzimmodzi, akuyenda m'madzi ofika m'khosi. Atabwerera komaliza kukatenga mayi wina wokalamba, anamufikitsa, koma iwo miyendo inamira m'matope. Anthu anayesa kuwaponyera chitenje, sichinafike. Mafunde ankawakwirira, kuwavundukula, kuwakwiriranso. Opulumutsa aja anawapeza ali chiimire, atamwalira kale.

Tinawaika mawa lake. Pobwera kumanda, mkulu wina wa doko loyandikana nalo anandigwira paphewa. Sankafuna kundipweteka, ankangodabwa.

"Koma a Mulepa, uthenga unabwera m'mamawa ndithu. Ife tinakweza nsalu tambala atangotsika. Kwanu kuno simunaulandire?"

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kusanza.

Sabata isanathe ndinamufunafuna ndekha Layisoni. Anajambula chitupa changa kutsogolo ndi kumbuyo, anandijambulanso ine nditanyamula kabokosi kaja, akuti ndimwetulire. Foniyo inali yabwino, sindinganame. Chala changa inkachimva popanda malovu. Gulu linatseguka, ndipo uthenga wa Lachiwiri lija unali pomwepo, ukundidikira. Ndinauwerenga katatu.

Ndiye anayamba kuimba. Poyamba ndinkazemba. Ndinkati sindikumva, mphepo yachuluka. Ndinkati padoko anthu akungokamba za mitengo ya matemba. Zimenezo zinali zabodza, chifukwa anthu ankayankhula kwambiri. Wina amati mkulu uja analonjeza mlatho chisankho chapita, mlathowo uli kuti. Wina amaimba nyimbo yomunyoza akukoka khoka. Onsewo ndinkawadziwa, ena ndinawanyamulapo ali makanda. Ndipo tinali titamva kale kuti kutsidya kwa mtsinje munthu wina anamuthyola nthiti, maukonde ake n'kuwotchedwa, chifukwa cha mawu amene wina anawajambula pa foni mobisa.

Tsiku lina Layisoni anabwera yekha. Sanakhale pansi.

"Agogo, abwana akudandaula. Ena onse amene tinawapatsa akutithandiza. Mukudziwa kuti foni imeneyi tikhoza kuitseka tili komweko, osaigwira n'komwe?"

Kaya zinali zoona kaya ankandiopseza, ine ndikanadziwa bwanji? Ndinali nditaona kale foni yabwinobwino ikufa chifukwa munthu wosaoneka walamula. Ndipo mwera unali usanathe. Ndinaganiza za nsalu ija, ndinaganiza za amalume. Anatulutsa kope ndi cholembera.

"Dzina limodzi lokha, agogo."

Pamenepo m'mutu mwanga munabwera nzeru imene ndinaiyesa yochokera kumwamba. Ndinati, munthu wakufa sangamenyedwe. Sangathyoledwe nthiti. Ndinatsegula pakamwa.

"Che Amidu ndi amene ankasokoneza anthu."

"Omwalira aja?"

"Omwewo. Ankawauza anthu m'bwato kuti asavotere abwana anu. Chimwalirireni iwo, padoko pali zii."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba. Anafunsa dzina la akazi awo ndi la mwana wawo, akuti n'zongodzazira mzere. Ndinatchula. Atachoka ndinaseka ndekha, ana inu. Ndinati ndamupusitsa mwana wa dzulo, ndapulumutsa doko lonse, ndipo mnzangayo akanakhalapo akanaseka nane.

Chisankho chinadutsa, mkulu uja anapambana. Mafoni oimba aja anasiya. Ndinayamba kupuma.

Mvula itayandikira, anthu anaitanidwa pabwalo la sukulu kukamva mayina a olandira fetereza wotsika mtengo. Abiti Saidi, akazi a Che Amidu, anakhala kutsogolo ndi azimayi anzawo. Dzina la pakhomo pawo linkatuluka chaka chilichonse. Wowerengayo anawerenga, anatchula langa, anapitirira, anafika kumapeto n'kupinda pepala. La Abiti Saidi munalibe. La mwana wawo munalibenso. Anakhalabe pansi anthu akubalalika, akuganiza kuti mwina pali pepala lina.

Ndinamupeza Layisoni pamsika patapita masiku.

"Mwanawe, mayi wamasiye uja mwamuchotseranji?"

"Ife? Agogo, masiku ano amasankha ndi makompyuta. Ife tilibe mphamvu." Anamwetulira, n'kundifunsa ngati foni ikugwira bwino.

Mpaka lero sindikudziwa. Mwina ndi makompyutadi, poti ena ambiri anatsalanso chaka chimenecho. Mwina ndi pakamwa panga. Palibe ofesi imene ndingapite kukafunsa, palibe munthu woti ndimugwire malaya. Nthawi ya amalume, woipayo unkamuona, anali ndi nkhope ndi galimoto. Pano amakuuza kuti ndi makina, ndipo makinawo ali m'thumba lako lomwe, ukuwatchaja wekha ndi kasola ka padenga. Dzina langa lili m'kope lawo, chitupa changa ali nacho, chithunzi changa ndikumwetulira ali nacho. Mawa akadzagwa iwo n'kukwera ena, kope limenelo lidzatsegulidwa ndi manja ena, ndipo adzapeza kuti a Mulepa anali kazitape wa padoko. Ndikamva njinga yamoto ikuchepetsa liwiro pamsewupo, ndimasiya kutafuna.

Thumba langa la fetereza ndinaligawa pakati, theka n'kukasiya kwa Abiti Saidi. Anagwada pansi, mayi wamkulu ngati uja, n'kugwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Anzanu aja anatisiyira m'bale," anatero. "Ena onse atiiwala, koma inu ayi."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Theka la thumba silikwanira munda, chimanga chawo chinatuluka chachikasu, changanso chimodzimodzi. Akakolola timaungu amanditumizira. Akaphika mpunga wa Idi amanditumizira. Ndipo ine ndimadya, ana inu, ndimadya chifukwa ndikabweza adzafunsa chifukwa chake.

Amayi ako sakudziwa zimenezi, Takondwa. Abusa sakudziwa. Inu ndinu oyamba. Ndayambira kwa inu kuti ndione ngati pakamwa pangapa pangathe kutulutsa mawu amenewa mpaka kumapeto, ndisanakawanene kumene akuyenera kukanenedwa. Ndaona kuti patheka.

Mwana wa Che Amidu wabwera dzulo kuchokera ku Liwonde, ndipo akubwerera mawa. Ndikufuna ndikawauze onse awiri ali pamodzi, kuti mwamuna amene anavuula mwana wanga m'madzi, ine ndinamupereka ali m'manda. Mwina akanditukwana. Mwina nkhani ikafika kwa Layisoni dzuwa lisanalowe, kaya zikatero chidzachitike n'chiyani. Chimene ndikuopa kwambiri n'choti mayi uja angokhala chete n'kundiyang'ana.

Yamikani, kanditengere jekete lija la kutchalitchi. Takondwa, iwe undiperekeze mpaka pamtengo wa mango uli pamphambano, ukaime pomwepo. Kuyambira apo ndiyenda ndekha. Koma uzindiyang'ana. Ndikudzidziwa ine, ndinabwererapo kale panjira imeneyi kawiri. Ukaona ndatembenuka ndisanafike pakhomo pawo, usandimvere chisoni. Unditchingire njira.